Nyumba yanu yomwe, koma osaizindikira pachithunzi chojambulidwa kumwamba

Bambo ena a ku Matawale, ku Zomba, anditumizira imelo yofunsa za chinthu chimene chawasowetsa mtendere. Akuti mwana wawo anawaonetsa chithunzi chimene chinajambulidwa ndi drone (kandege kopanda munthu kojambula zithunzi kuchokera kumwamba) pa tsiku la chinkhoswe, ndipo iwo anachiyang'anitsitsa kwa nthawi ndithu osadziwa kuti denga lamalata limene linali pakati pa chithunzicho ndi la nyumba yawo, imene akhalamo zaka 19. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndi maso amene ayamba kufooka, kapena ndi mutu?"

Bambo, mtima ukhale m'malo. Malinga ndi mmene mwafotokozera, sindikuona vuto la maso kapena la mutu, chifukwa zimene zinakuchitikiranizo zimachitikira munthu aliyense akaona chinthu kuchokera mbali imene sanaizolowere.

Tiyambe ndi ndowa, poti ili m'nyumba iliyonse. Mukaiona cham'mbali, imakhala yotambalala kukamwa, yopanikizika kunsi, ndiponso chogwirira chake chimaoneka bwino. Mukaimirira pamwamba pake n'kuyang'ana pansi molunjika, chimene chimafika m'diso ndi mizere iwiri yozungulira, waukulu kunja ndi waung'ono mkati. Ndowa ndi yomweyo, koma chithunzi chimene chagwera kumbuyo kwa diso chasinthiratu, ndipo ntchito yoti zithunzi ziwirizi ndi za chinthu chimodzi imatsalira ubongo. Mmene ubongo umagwirira ntchito imeneyi ndi nkhani imene akatswiri akhala akutsutsana kwa zaka zambiri.

Mu 1987, Irving Biederman wa ku America ananena kuti ubongo umaphwanya chinthu chilichonse m'tizigawo tosavuta, timene iye anatitcha ma geon, ndipo anati tizigawo pafupifupi 36 n'tokwanira kupanga zinthu zambiri zimene timaona. Chitsanzo chake chinali kapu ndi ndowa: zonse ziwiri ndi chitini chokhala ndi chogwirira chopindika, kungoti pa kapu chogwiriracho chili m'mbali pomwe pa ndowa chili pamwamba. Maganizo ake anali akuti bola tizigawoto tikuoneka, munthu amazindikira chinthucho ngakhale achione kuchokera mbali yatsopano. Mawu akuti "bola" ndi ofunika kwambiri pamenepa, chifukwa mukayang'ana ndowa kuchokera pamwamba, mbali zake zimabisika ndipo tizigawo tija sitionekanso.

Akatswiri ena sanagwirizane naye. Kale mu 1971, Roger Shepard ndi Jacqueline Metzler anaonetsa anthu zithunzi ziwiriziwiri za timabokosi tolumikizana, china chitatembenuzidwa, n'kuwafunsa ngati zinali za chinthu chimodzi. Anapeza kuti chithunzi chikatembenuzidwa kwambiri, nthawi yoyankhira inkatalikanso molingana, ngati kuti munthuyo akuchizunguza chinthucho m'maganizo mwake mpaka chikhale bwino. Mu 1989, Michael Tarr ndi Steven Pinker anaphunzitsa anthu maonekedwe a zinthu zachilendo zitaikidwa mwa njira zochepa chabe, ndipo anthuwo ankazizindikira msanga zikaikidwa monga anaziphunzirira, koma ankachedwa zikaikidwa mwa njira ina. Apa mfundo inali yakuti ubongo umasunga maonekedwe amene munthu wawaonapo, ndipo chachilendo umachiyerekeza ndi zimene unasungazo. Ngakhale mu ubongo wa anyani, Nikos Logothetis ndi anzake anapeza mu 1995 maselo amene ankagwira ntchito mwamphamvu nyani akaona chinthu chimene anaphunzitsidwa kuchokera mbali imodzi, n'kufooka chinthucho chikatembenuzidwa.

Ine ndimaona kuti magulu onsewa ali ndi mbali ya choonadi, koma nkhani yanuyi ikufotokozedwa bwino ndi gulu lachiwiri. Kusiyanitsa nyumba ndi galimoto n'kosavuta, ndipo ndikukhulupirira kuti simunakayike zoti pachithunzipo panali nyumba. Chimene chinakuvutani ndi kusiyanitsa nyumba yanu ndi nyumba za anansi anu, ndipo ntchito imeneyo imadalira zizindikiro zing'onozing'ono zimene mwazisunga pa zaka 19: mtundu wa chitseko, khonde, mawindo, penti wa pakhoma, thunthu la mtengo wa mango umene uli pabwalo. Drone inabisa zonsezi n'kukupatsani denga lokha, limene mwina munaliona kuchokera pamwamba tsiku limodzi lokha pamene amisiri ankakhoma malata, ngati munakwera n'komwe. Mtengo wa mango nawo unasanduka chibulunga chobiriwira, ndipo madenga a m'dera lanu ambiri amafanana.

Aliyense amene anakwerapo msewu wopita ku Ku Chawe n'kuima pokhota kuti ayang'ane tauni ya Zomba m'munsi amadziwa zimenezi. Munthu sayamba ndi kuloza nyumba yake. Amayamba wapeza msewu waukulu wochokera ku Blantyre, kenako msika, kenako amatsatira ndi chala mpaka afike kudera lake, ndipo nthawi zina amakanganabe ndi mnzake pa denga limene akulozalo. Maonekedwe a chinthu akalephera kutithandiza, timatsamira pa zinthu zoyandikana nacho.

Pali matenda amene amakhudza luso limeneli, ndipo si bwino kuwabisa. Mu 1973, Elizabeth Warrington ndi Angela Taylor a ku London anapeza kuti odwala amene anavulala mbali ya kumanja ya ubongo, chakumbuyo, ankazindikira zinthu zikajambulidwa monga timazionera masiku onse, koma ankalephera zinthu zomwezo zikajambulidwa kuchokera mbali yachilendo. Kusiyana kwake n'kwakuti odwalawo ankalephera pa ziwiya wamba zimene anthu abwinobwino ankazitchula mosavuta, pomwe inu munachedwa pa chithunzi chimene chikanavuta wina aliyense. Mukadzaona kuti mukulephera kuzindikira ziwiya za m'nyumba kapena nkhope za abale anu, makamaka zikayamba mwadzidzidzi pamodzi ndi kufooka kwa mkono kapena mwendo, kapenanso kulankhula movutikira, thamangirani ku Chipatala Chachikulu cha Zomba tsiku lomwelo, chifukwa zimenezo zikhoza kukhala zizindikiro za sitiroko. Ngati zinthu zikungooneka mwachimbuuzi, kumeneko ndi kokayezetsa maso.

Pakadali pano, muuzeni mwana wanu akuonetseninso chithunzicho, ndipo mutembenuze foniyo mpaka msewu umene mumalowera kwanu ukhale m'munsi, monga umakhalira mukamabwera kuchokera kutauni. Yambirani pamsewupo, mupeze mpanda, kenako mtengo wa mango, kenako denga. Mawa lake muyang'anenso chithunzi chomwecho osachitembenuza, ndipo mudzandilembere kuti mwatenga nthawi yaitali bwanji kuti muipeze nyumbayo.