Mwana wanga akufuna kuyang'anira zachuma m'makampani angapo nthawi imodzi

Funso: Mwana wanga wamkazi wamaliza digiri ya akaunti ku MUBAS. Kampani ina ya ma audit (yofufuza mabuku a ndalama a makampani ena) ku Blantyre yamuitana ntchito, koma iye akuti malipiro ake ndi ochepa. Waona pa LinkedIn anthu odzitcha fractional CFO, amene amayendetsa zachuma za makampani ang'onoang'ono atatu kapena anayi, kuno tsiku limodzi, uko masiku awiri, ndiye akufuna kuyamba zimenezo. Ndimulole? Ndine mayi wa ku Zomba.

Yankho: Mayi, muuzeni akayambe ntchito imene amuitanirayo. Zimene waonazo si zabodza ayi, ntchitoyo ilipodi ndipo ku America ndi ku Britain yafala kwambiri, koma ndi ya munthu amene wakhalitsa m'maofesi.

Imayamba chonchi. Tiyerekeze mayi wina akupanga chiponde ku Lilongwe, ali ndi antchito 20, katundu wake walowa m'mashopu akuluakulu. Malonda akuyenda, koma ndalama sizioneka. Mashopu amalipira pakatha miyezi iwiri, pomwe alimi a mtedza amafuna zawo pompopompo. Za bizinesi ndi za pakhomo zikulowa mu Mpamba imodzi. Akapita ku banki kukapempha ngongole, amamufunsa mabuku amene alibe. Mayiyu akufunika mkulu wa zachuma, koma malipiro a munthu wotere mwezi wathunthu, kuphatikizapo galimoto ndi nyumba, sangawakwanitse. Ndiye amagwirizana ndi katswiri kuti azibwera Lachiwiri lililonse ndi kumapeto kwa mwezi, pa ndalama yokhazikika. Katswiriyo masiku otsalawo ali ku makampani ena.

Tsono funso ndi lakuti, amamulipira chifukwa cha chiyani? Kulowetsa malisiti mu kompyuta ayi, zimenezo kalaliki amachita. Amamulipira chifukwa cha zimene anaonapo kale. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Mabotolo ndi zivindikiro zochokera kunja zinakwera usiku umodzi, ndipo mwini kampani anayenera kudziwa sabata yomweyo kuti akweze mtengo ndi zingati, awauze bwanji a mashopu, ndiponso ngati ngongole imene amafuna kutenga ikadali yanzeru. Munthu amene anali kale pa mpando wa zachuma mu Meyi 2022, pamene inagwetsedwa ndi 25 peresenti, anali ndi poyambira. Mwana wanu, ngakhale anakhoza bwino chotani, mwini kampani akamufunsa kuti "munachitapo kuti zimenezi?" adzasowa choyankha.

Ntchito ya audit imene akuinyozayo ndi sukulu yabwino kwambiri ya zimene akufunazo. M'zaka zitatu adzatsegula mabuku a makampani ambirimbiri, a fodya, a sukulu, a malori, mabungwe omwe si aboma, ndipo adzaona pamene ndalama zimathawira. Komanso ACCA, bungwe la akatswiri a akaunti la ku Britain, sapereka umembala kwa munthu wongokhoza mayeso: amafuna miyezi 36 ya ntchito yeniyeni yosainidwa ndi womuyang'anira. Akayamba yekha lero, adzamusainira ndani? ICAM, bungwe la akatswiri a akaunti m'Malawi muno, nayonso imafuna umboni wa ntchito. Akamaliza pamenepo, alowe m'kampani imodzi ngati woyang'anira zachuma, akhalepo mpaka adzadziwe kukambirana ndi banki, kulandira a MRA akabwera kudzafufuza, ndi kupeza malipiro a antchito mwezi umene mu akaunti mulibe kanthu. Makasitomala ake oyamba adzachokera kwa anthu amene anamuona akuchita zimenezi, osati pa LinkedIn.

Ngati mtima wake uli pa mabizinesi ang'onoang'ono, sindikuti adikire zaka zonsezo ali manja lende. Loweruka atha kuthandiza wachibale wa shopu kulekanitsa ndalama za bizinesi ndi za pakhomo, kapena kucheza ndi achinyamata oyambitsa makampani ku malo ngati mHub ku Lilongwe. Koma ayambe wapempha chilolezo kwa omulemba ntchito, chifukwa makampani a audit sasekerera ganyu wamseri.

Adziwenso zimene pa LinkedIn salemba. Wogwira ntchito motere si wantchito wa kampaniyo: penshoni ndi za chipatala amadzionera yekha, amafunika nambala yakeyake ya msonkho (TPIN), ndipo pomulipira amamudula msonkho wa withholding. Kasitomala akavutika, woyamba kuimitsidwa amakhala iyeyo. Sangathandize makampani awiri opikisana, popeza amadziwa zinsinsi za onse. Ndipo ena amamunyengerera kuti alembedwe ngati dayirekitala, pomwe lamulo la makampani la 2013 limaika udindo wolemera pa madayirekitala, kaya amabwera tsiku limodzi pa sabata.

Pa za malipiro ochepawo, asanasaine afunse ngati kampaniyo imalipirira mayeso a ACCA kapena ICAM, ngati imapereka masiku owerengera mayeso asanafike, komanso kuti akafuna kuchoka atalipiriridwa, adzabweza zingati.