Kodi munthu amazolowera liti ku Joni kuno?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Ntcheu, yemwe wapempha kuti dzina lake ndisalitchule. Anabwera kuno mu April, kampani yomwe ankaigwirira ntchito ku Blantyre itamusamutsira ku Midrand. Mapepala ake ndi olongosoka. Akugona kwa msuweni wake ku Rosettenville. Mawu ake ndi awa: "Ndimadzuka 4 koloko, ndimabwera usiku. Loweruka ndi Lamlungu ndimangodzitsekera m'chipinda chifukwa ndimaopa kutuluka. Mafoni ochokera kumudzi sakutha, aliyense akuti ndili ku Joni. Kodi munthu amazolowera liti? Kapena ndingobwerera?"

Achimwene, musabwerere kaye. Miyezi iwiri ndi yochepa, komanso mmene ndawerengera kalata yanuyi, Joniyo simunayambe n'kumuona komwe. Mwangoona msewu ndi khoma la chipinda.

Ndiyambe ndi chomwe chikukuphani kwambiri, chomwe ndi mtunda. Rosettenville ili kummwera kwa tauni, Midrand ili kumpoto, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria. Ndiye kuti tsiku lililonse mukudula mzinda wonse kawiri: takisi yolowa m'tauni, kuyenda wapansi kukafika pa renki ina, kenako takisi ya ku Midrand. Sitima yothamanga ya Gautrain ilipo, imanyamuka pa Park Station m'tauni n'kukaima ku Midrand komweko, koma kukwera tsiku ndi tsiku malipiro angathere m'njanji. Munthu wodzuka 4 koloko n'kubwera kutada sangakonde mzinda uliwonse, ngakhale atakhala Lilongwe. Athokozeni asuweni anu, muwagulire kathumba ka ufa ndi mafuta ophikira, kenako yambani kufunafuna chipinda kufupi ndi kuntchito. Ivory Park, Ebony Park, Rabie Ridge, Tembisa, konseku kuli zipinda za kuseri kwa nyumba zomwe eni ake amachititsa lendi, ndipo Amalawi aliko ambiri.

Pa nkhani ya chipindayi ndikhazikike pang'ono, chifukwa ambiri tinaliritsidwa pomwepa. Musalipire dipoziti musanalowe m'chipindamo ndi mapazi anu. Ine chaka changa choyamba ndinatumiza ndalama kwa munthu amene ndinangomuona pa Facebook, zithunzi zake zokongola, bafa la matailosi. Nditafika pa adiresiyo ndinapeza pali garaja yokonzera magalimoto, ndipo nambala ija inali itazimitsidwa kale. Pitani masana, pitaninso madzulo, muone ngati geti limakiyidwa, mufunse ngati magetsi ndi ogula mayunitsi nokha kapena mumagawana ndi nyumba yaikulu. Pemphani pangano lolemba ndi risiti. Pepala limeneli lidzakuthandizaninso kwina, chifukwa kubanki ndi polembetsa simu khadi amafuna umboni wa komwe mukukhala. Nyumba zina za m'tauni, zomwe zinalandidwa ndi anthu osadziwika n'kumatolera lendi okha, zithaweni ngakhale mtengo ukome bwanji. Mu August 2023 nyumba yotere inapsa ku Marshalltown, anthu 76 anafa, ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu.

Tsono matakisi. Minibasi za kuno zilibe kondakitala wopachikika pakhomo n'kumakuwa kuti "Limbe! Limbe!" Zimayankhula ndi zala zanu. Mukaloza chala m'mwamba ndiye kuti mukupita m'tauni, mukaloza pansi ndiye kuti simukupita kutali, ndipo madera ena ali ndi zizindikiro zawozawo zomwe muyenera kufunsa kwa amene mwaima naye. Potsika mumakuwa nokha kuti "after robot" kapena "short left". Koma chomwe sanandiuze ine n'chakuti wokhala mpando wakutsogolo ndiye amawerenga ndalama. Tsiku lina ndinathamangira mpandowo poganiza kuti ndapata pabwino. Titangonyamuka, ndalama zinayamba kubwera kuchokera kumbuyo, mzere ndi mzere, aliyense akunena zake m'Chizulu. M'manja mwanga munadzaza ma R20 ndi makobidi, dalaivala akungoyang'ana kutsogolo ngati sizikumukhudza. Thukuta linatuluka m'mwezi wa June. Mayi wina wachikulire kumbuyo kwanga anaseka, natenga ndalamazo, n'kugawa chenji chonse pasanathe mphindi imodzi. Potsika anandigwira paphewa n'kunena mawu omwe sindinawamve, koma nkhope yake inali ya chifundo. Kuyambira tsikulo ndimakhala mzere wachitatu.

Kunena za June, mwafika nthawi yoipa. Mzindawu uli pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, kuposa ngakhale tauni ya Dedza imene timaiopa kwathu ija. Chisanu cha kuno n'chouma, chimang'amba milomo ndi zidendene. Gulani bulangete lolemera, jekete yeniyeni ndi Vaseline, ndipo musadzimvere chisoni kuti mwawononga ndalama. Mbaula, yomwe anzathu kuno amaitchula pafupifupi chimodzimodzi, musagone nayo m'chipinda chotseka. Utsi wa makala umapha munthu ali m'tulo. Likafika September kumafunda, October misewu ina imachita bii ndi maluwa a jacaranda, ndipo mtima umayamba kumasuka wokha.

Mantha anuwo sindingawapeputse. Umbava ulipo, ndipo kudana ndi alendo kulipo. Mu May 2008 zipolowe zinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62, ndipo zinabukanso mu 2015 ndi 2019. Mudzamva wina akukutchulani kuti kwerekwere. Foni musamayende nayo m'manja m'tauni, musaime pakati pa msewu n'kumayang'ana nyumba zitalizitali kukamwa kuli yasa. Pasipoti ndi chiphaso chanu chogwirira ntchito muzijambulitse, mukadinditse makopewo kupolisi, salipiritsa, ndipo tsiku lothera chiphasocho mulidziwe ngati tsiku lanu lobadwa. Nambala ya polisi ndi 10111. Koma kudzitsekera sikuchotsa mantha, kumangowanenepetsa. Yambani ndi msewu wanu: mwini shopu wa pakona, mlonda wa pageti, mayi wogulitsa magwinya (mandasi a kuno) m'mawa. Apatseni moni m'chinenero chawo. Inu a ku Ntcheu muli ndi mwayi, poti makolo anu Angoni anachokera mbali zomwe zino, ndipo mawu ena a m'nyimbo za ngoma mudzawamva ali moyo m'kamwa mwa ana. "Sawubona" ndi "ngiyabonga" zokha zimasintha nkhope ya munthu.

Tsopano mafoni a kumudzi aja, omwe ndikuganiza kuti ndiwo akukulemerani kuposa chisanu ndi matakisi. Mbiri yoti ku Joni ndalama amangotola siinayambe lero. Inayamba ndi agogo athu a Wenela ndi TEBA, omwe ankabwerera kuchokera kumigodi ndi njinga, wailesi ndi sutikesi yachitsulo. Anthu ankaona njingayo, za chifuwa chomwe anabwera nacho sankaziwerengera. Mpaka lero wa kumudzi akamva randi amaichulukitsa m'makwacha, koma lendi yanu saichulukitsa. Ndiye inu mukumva ngati kugula bedi ndi kuba ndalama ya fetereza wa amayi anu. Ayi ndithu. Munthu wogona pa matiresi obwereka, wodya buledi ndi tiyi kuti atumize zonse, amakhala mlendo zaka khumi, ndipo tsiku lomwe adzadwale alibe pogwira.

Chitani chonchi. Sankhani anthu omwe alidi udindo wanu, muwauze tsiku limodzi pamwezi ndi ndalama yomwe mungathe, n'kumatumiza pa Mukuru kapena njira ina yodziwika, osati kupatsira munthu wa pabasi amene simukumudziwa. Ena onsewo muwayankhe mwaulemu kuti simunakhazikike. Adzadandaula, mwina adzati mwayamba kutchona. Asiyeni anene. Mtchona ndi amene wasiya kuyankha foni, osati amene wanena zoona. Ndipo payslip iliyonse muzisunga, muone ngati akudula 1 peresenti ya UIF, thumba la boma lothandiza amene ntchito yawathera, chifukwa ndi umboni wanu zinthu zikadzavuta kuntchito ndipo mukafuna kupita ku CCMA, komwe amamva madandaulo a ogwira ntchito kwaulere.

Kandalama kena kapite ku gulu la maliro. Ndikudziwa, nkhani yosakoma kwa munthu wongofika kumene, koma kunyamula thupi kuchoka kuno kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka Mwanza si ndalama ya munthu mmodzi. Komanso magulu amenewa ndi omwe amadziwa chipinda chikatsala pang'ono kutuluka munthu, ndi amene akubwera ndi katundu kuchokera kumudzi. Mudzawapeza kutchalitchi kapena kumzikiti. A CCAP alipo kuno, Akatolika alipo, ndipo ku Mayfair ndi Fordsburg Lachisanu mudzamva Chiyao ngati muli ku Mangochi. Koma musangodzikundikira kwa Amalawi okha. Mnzanu wa kuntchito akakuitanani kokaotcha nyama Loweruka, pitani, ngakhale nsima yawo, imene amati pap, siifika pa ya ufa woyera wa kwathu.

Loweruka likubwerali musagone mpaka masana. Auzeni asuweni anu akuperekezeni ku msika wa ku Yeoville m'mawa, muzikagula chinangwa, therere ndi nsomba zouma, mubwerere dzuwa lisanapendeke. Ulendo wobwerera muimitse takisi ndi chala chanu, asuweni angoonerera. Mpando wakutsogolo ukakhala wopanda munthu, udutseni.