Kwa achimwene amene akufuna kusiya dizilo n'kugula galimoto yamagetsi kuno ku Mzuzu

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwatopa ndi kugona pamzere wa dizilo ndi Mercedes GLE yanu, ndipo mukufuna tikuthandizeni kusankha pakati pa BMW iX, Audi Q8 e-tron ndi Mercedes EQE SUV. Mwatinso mumapita ku Lilongwe kawiri pamwezi. Ambiri akuyankhani kuti "ku Malawi magetsi kulibe, iwalani", ena akungotchula dzina limene amalikonda. Ine ndimagwira ntchito yoika sola m'nyumba za anthu, ndipo ndakhala ndikuyendera Nissan Leaf yaing'ono yochokera ku Japan m'tauni muno kwa zaka ziwiri. Si yamtengo ngati zimene mwatchulazo, koma imadya magetsi a ESCOM omwewa ndipo imaponda maenje omwewa.

Ndiyambe ndi kunyumba kwanu, chifukwa filing'i siteshoni yanu ikhala kumeneko. Galimoto zazikuluzi zimadya mayunitsi 22 mpaka 25 pa makilomita 100, ndipo yunitsi imodzi ndi yomweyi timagula pa mita ija. Ngati tsiku lanu ndi kuchoka kunyumba, kusiya ana kusukulu, kupita kuntchito, kudzera ku Katoto kapena ku Luwinga n'kubwerera, mwina mumayenda makilomita 40. Amenewo ndi mayunitsi 10 okha. Chaja ya pakhoma ya 7.4 kW imabweza mayunitsi amenewo pa ola limodzi ndi theka. Ndiye onena za kuzimazima kwa magetsi akunena zoona, koma akuiwala kuti batire la mayunitsi 100 ndi nkhokwe ya sabata yathunthu kwa munthu woyenda m'tauni. Magetsi akazima Lachiwiri, mudzatchaja Lachitatu usiku. Ngakhale mu 2022, namondwe Ana atagumula Kapichira dziko n'kutaya ma megawati pafupifupi 130, magetsi ankabwerabe maola ena pa tsiku, ndipo maola amenewo akanakwanira woyenda m'tauni.

Chimene chimavuta ndi mawaya. Galimoto imakoka moto wambiri mosalekeza kwa maola, zosiyana ndi ketulo imene imawira mphindi zisanu n'kuzima. Nditangogula yanga ndinkatchajira pa soketi ya m'galaja imene munthu wina anaika kalekale ndi waya woonda. Usiku wina mayi akunyumba anandidzutsa kuti kukununkha pulasitiki. Ndinakapeza soketi yada bii m'mbali, pulagi yotentha yosagwirika, phini imodzi itasungunula pulasitiki yoizungulira. Kuyambira tsiku limenelo ndimauza aliyense kuti galimoto ikhale ndi waya wakewake wochokera pa bolodi, breaker yakeyake, earth yoyezedwa bwino, ndi chotetezera moto ukabwera mwamphamvu, chifukwa mukudziwa mmene magetsi athu amabwerera akazima. Pa soketi wamba mumapeza 2.3 kW yokha, kutanthauza maola oposa 40 kuti batire lalikulu lidzaze. Ngati nyumba yanu ili ndi three phase, kutanthauza magetsi olowa ndi mawaya atatu amoto osati limodzi la single phase, chaja ya 11 kW imalidzaza pa maola pafupifupi 10. Muyang'ane mita yanu musanayang'ane zithunzi za galimoto.

Sola imathandiza kwambiri. Mapanelo a 5 kW dzuwa likawala bwino amapereka mayunitsi 20 kapena kuposerapo pa tsiku, okwanira maulendo a m'tauni n'kutsalako. Koma Mzuzu si Salima. Mvula yathu imachedwa kusiya, ndipo m'miyezi yozizira kumatha kucha mpaka kuda kuli mitambo ndi kamvula kowaza. Muwerengere masiku amenewo. Komanso galimoto iyenera kukhala panyumba masana kuti idye dzuwalo, apo ayi mufunika mabatire ena a m'nyumba, omwe ndi ndalama zinanso.

Tsopano ulendo wa ku Lilongwe, pamene pagona nkhani yanu yonse. Kuchoka kuno kudzera ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu ndi makilomita oposa 350. Manambala amene ogulitsa amalemba amachokera pa mayeso otchedwa WLTP, ndipo pamsewu weniweni, muli anthu anayi ndi katundu, mukuthamanga, mwayatsa AC, amatsika ndithu. Werengani nokha. BMW iX xDrive50 ili ndi mayunitsi pafupifupi 105 ogwiritsa ntchito. Pa mayunitsi 25 pa makilomita 100, ndiye kuti makilomita 420. Mufika ku Lilongwe, koma ndi batire lotsala pang'ono. Mng'ono wake, xDrive40, maonekedwe ndi omwewo koma ili ndi mayunitsi 71 okha, ndiye makilomita osafika 300. Imeneyo ikusiyani musanafike. Ndikutsindika chifukwa pa intaneti xDrive40 ndi imene imaoneka yotchipa, ndipo munthu akhoza kuikonda osadziwa kusiyana kwake. EQE SUV ili ndi mayunitsi pafupifupi 90, ndiye ulendo umenewu ungaithere pakhomo penipeni. Audi Q8 e-tron 55 ili ndi 106, koma samalani ndi e-tron yakale ya 2019 mpaka 2022, batire lake ndi laling'ono pomwe imadya kwambiri. Dziwaninso kuti Audi inasiya kupanga Q8 e-tron kumayambiriro kwa 2025 itatseka fakitale yake ya ku Brussels.

Kufika ndi theka la nkhani. Mukafika mutchajira kuti, kwa maola angati, ndipo magetsi akakhala atazima kumeneko mubwerera liti? Pobwerera mukukwera mapiri a Viphya, batire limatsika msanga. Ine sindingakonze ulendo podalira kuti ndipeza chaja panjira. Ndingaike chaja yachiwiri kunyumba kumene ndimafikira ku Lilongwe, n'kumawerengera usiku wathunthu.

Mapiri ali ndi ubwino wake umene dizilo sangakupatseni. Mzuzu ili pamwamba kuposa nyanja ndi mamita oposa 700. Ndikamatsetsereka kupita ku Nkhata Bay sindiponda mabuleki kwenikweni, ndimangochotsa phazi, mota imagwira galimoto yokha n'kumabweza moto m'batire. Umaona nambala ya batire itangoima malo amodzi kwa makilomita ambiri, pena n'kukwera pang'ono, m'galimoto muli zii, kumangomveka matayala. Pa Chiweta, pamene malole amanunkha mabuleki, galimoto yamagetsi imatsika mabuleki ali ozizira. Chenjezo lake n'lakuti musanyamuke pamtunda batire lili pa 100, chifukwa likadzaza lilibe poika motowo ndipo galimoto yolemera matani awiri ndi theka imatsamira pa mabuleki okha. Zimene mwapeza potsika mudzabweza pokwera, ndi zoonjezera.

Kulemera kumeneku kumagwera matayala. Zambiri mwa galimotozi zimabwera ndi marimu a mainchesi 21 kapena 22, tayala lopyapyala, popanda sipeya, kabotolo ka mankhwala omatira basi. Dzenje limodzi la pa M1 likang'amba tayala m'mbali, kabotoloko sikathandiza, ndipo saizi imeneyo simungaipeze mumsika wa Mzuzu tsiku lomwelo. Sankhani ya marimu ang'ono amene mungapeze, ndipo muitanitsiretu matayala awiri ndi rimu imodzi pamodzi ndi galimotoyo. Batire lili pansi pa galimoto, choncho ya air suspension yotha kudzikweza ndi yabwino ngati kumudzi kwanu msewu ndi wa miyala.

Kumene mugule kukhudza pulagi. Za ku UK ndi South Africa chiwongolero chili kumanja ngati zathu, ndipo pulagi yake ndi Type 2 ndi CCS2. Za ku Japan zimabwera ndi CHAdeMO ngati yangayi, za msika wa ku China zimabwera ndi GB/T ndipo chiwongolero chili kumanzere. Pa ndalama zimene mukufuna kuwonongazi, tengani ya CCS2. Muwauze ogulitsa akutumizireni lipoti la thanzi la batire, lija amati state of health, musanalipire. Ikafika ku Dar es Salaam ikwere lole mpaka kuno, asakuuzeni kuti dalaivala aiyendetsa kudzera pa Songwe ngati mmene timachitira ndi zinazi. Za msonkho pitani nokha ku MRA akuwerengereni polemba pa galimoto yeniyeniyo, chifukwa malamulo a msonkho amasintha ndi bajeti, ndipo kwacha nayo mukuidziwa, mu Novembala 2023 inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa galimoto zodulazi ndi wokonza. N'zoona kuti mulibe oyilo wa injini, mulibe ma injector, mulibe sefa ya utsi ija amati DPF imene imatsekeka mukamayenda maulendo afupiafupi, mulibe AdBlue, madzi aja oyeretsera utsi wa dizilo. Zoonongeka ndi zochepa. Koma mawaya a olenji amene mudzaone m'katimo amanyamula ma volt 400, si ogwira makaniko wathu wa tsiku ndi tsiku ngakhale ali waluso chotani. Kompyuta ikakana, pamafunika makina a kampani yomwe inapanga. Opanga ambiri amalonjeza batire zaka 8 kapena makilomita 160,000, koma lonjezo limenelo limagwira ntchito kudzera kwa dila wovomerezeka, ndiye funsani polemba ngati lidzagwire galimoto ili ku Malawi, ndi kumene muyenera kukaipereka. Yankho likakhala Johannesburg, muwerengeretu mtengo wa lole yopita ndi kubwera.

Ndiye ine ndikanatani? Pa zitatu mwatchulazo ndikanatenga iX xDrive50, chifukwa ingafike ku Lilongwe ndi kotsala, pomwe Q8 e-tron anasiya kuipanga. Koma ndikanaitenga pokhapokha GLE ikutsala pakhomo kwa chaka choyamba, yoyendera maulendo adzidzidzi, maliro akumudzi usiku, ndi masiku amene yamagetsiyo ikudikira chipangizo chochokera kunja. Muyang'anenso Kia EV9. Dzina lake silimveka ngati la ku Germany, koma ili ndi batire la mayunitsi pafupifupi 100, mipando isanu ndi iwiri, ndipo imatha kutulutsa moto wofika 3.6 kW, woti magetsi akazima mulumikizepo firiji, TV ndi mababu.

Ngati mukufuna galimoto imodzi yokha pakhomo, musagule yamagetsi okhaokha panopa. Pali GLE 350 de, yofanana ndi yanuyo, ya dizilo yomweyo koma yokhala ndi batire la mayunitsi 31 lotchaja pakhoma. M'tauni muno, mukamatchaja usiku, mungayende sabata yonse pa magetsi, thanki ili yodzaza kudikira ulendo wa ku Lilongwe, ndipo pamzere mungamaime kamodzikamodzi.

Mundiuze kuti mita yanu ndi single phase kapena three phase, ndi kumene galimoto imakhala masana, ndikuwerengereni chaja ndi mapanelo oyenera nyumba yanu.