Kwa achemwali opita kumudzi mu Disembala: galu mumusiye bwanji ku kennel

Achemwali, mwati mukupita ku Malawi masabata atatu pa Khrisimasi, galu wanu mukumusiya ku kennel (malo osungirako agalu molipiritsa) kuno ku England koyamba, ndipo mukufunsa kuti mumulongedzere chiyani. Ndaona ena akuti mungomusiyira neba, ena akudabwa kuti galu analongedzeredwa liti katundu. Funso lanu ndi lenileni. Galu wokulira m'nyumba kuno amadalira inu pa chilichonse, chakudya, madzi, ngakhale nthawi yotuluka kukadzithandiza. Ndiye pokonzekera muziganiza za munthu amene sanamuonepo galuyo chibadwire: kodi angathe kumusamala masabata atatu osakuimbirani foni? Poti kumene mukupitako foniyo mwina sidzalira.

Chikwama chiyembekeze kaye. Tulutsani khadi la katemera lero lomwe muone madeti. Kennel yovomerezeka imafuna umboni woti galu anabayidwa katemera wa parvovirus, distemper, hepatitis ndi leptospirosis. Wa leptospirosis ndi wa chaka ndi chaka, ndipo ndi amene amakonda kutha mphamvu eni ake osazindikira. Nthawi ikapitirira kwambiri, dokotala wa ziweto amayambiranso, amabaya kawiri motalikitsa masabata angapo, kenako pamafunika padutse masabata awiri galu asanalowe mu kennel. Werengerani nokha, muona kuti woyamba zimenezi Disembala atalowa wachedwa kale. Palinso katemera wa chifuwa chija amati kennel cough, amene kawirikawiri amadontheza m'mphuno. Malo ambiri amamufuna, ndipo ambiri amati aperekedwe kutatsala masabata awiri kapena kuposa apo, chifukwa muli tizilombo tamoyo tofooketsedwa timene galu amatha kumatulutsa kwa kanthawi. Ngati kwanu kuli munthu wa chitetezo chofooka m'thupi, muuzeni dokotalayo asanapereke. Ulendo womwewo mutengerenso mankhwala a utitiri, nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, ndipo lembani tsiku limene mwamupatsa.

Simunanene ngati malo mwapeza kale. Ngati simunapeze, imbani sabata ino, chifukwa nyengo ya Khrisimasi malo abwino amadzaza msanga. Kuyambira mu 2018, aliyense wosunga agalu a anthu molipiritsa ku England amayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo, ndipo akayenderedwa amapatsidwa nyenyezi kuyambira 1 mpaka 5. Pemphani kuti muchione chiphasocho. Koma nyenyezi zokha musazikhulupirire, pitani mukaone ndi maso. Mphuno idzakuuzani zambiri mukangolowa. Onani ngati mogona agalu muli mofunda, poti ndi dzinja, ngati mbale za madzi zili zodzaza, ndipo funsani kuti usiku pamalopo pamagona munthu kapena amangotseka n'kumapita. Funsaninso kuti galu amatuluka kangati pa tsiku. Malamulo salola kuti agalu ochokera m'makomo osiyana agone m'chipinda chimodzi, ndipo zoti azisewera ndi anzake ndinu muyenera kuvomereza. Akakukanizani kuona mogonamo, fufuzani kwina.

Ngati ndalama ilipo, mugonekeni kumeneko usiku umodzi mu Novembala. Galu amene anasiyidwapo n'kudzatengedwa mawa lake savutika kwambiri ulendo wachiwiri, ndipo inu mumamva kwa antchito ngati anadya kapena anangolira usiku wonse, nthawi yosintha maganizo ikadalipo.

Apa ndiye ndikufuna mumvetsetse, chifukwa ife opita ku Malawi vuto lathu ndi losiyana ndi la munthu wopita ku Spain sabata imodzi. Pa fomu ya kennel pali malo olemba munthu woimbidwa pakagwa zadzidzidzi. Musalembepo nambala yanu yokha. Mukatsika ku Lilongwe kapena ku Chileka muika SIM ya Airtel kapena TNM, nambala ya kuno ikhala chete. Mukafika kumudzi, foni itha kukhala tsiku lonse yopanda moto kapena netiweki, inu muli pa chinkhoswe kapena kumanda. Pamenepo galu wameza chinthu, dokotala akuti pafunika opaleshoni lero, ndipo akufuna munthu woti anene kuti inde. Pezani munthu amene akhale kuno masiku onsewo, osati naye wapaulendo, mukhale naye pansi mumuuze zoona: kuti akhoza kuimbidwa usiku, kuti mwamupatsa mphamvu yovomereza chithandizo mpaka ndalama zakutizakuti, ndipo ndalamazo zichokera kuti. Zimenezi zilembedwe pa pepala, limodzi lipite ku kennel, lina kwa dokotala wanu wa ziweto. Ndi bwino munthuyo akhale ndi galimoto komanso woti galu amamudziwa, chifukwa galu akadwala matenda opatsirana kapena akakanika kukhazikika, a kennel atha kupempha kuti atengedwe. Nambala ya WhatsApp alembereninso, ndi ya m'bale wina wa ku Malawi amene foni yake siizima. Mu Disembala nthawi ya ku Malawi imakhala patsogolo ndi maola awiri.

Pa pepala lomwelo lembani dzina ndi nambala ya dokotala wake, nambala ya inshulansi ngati ali nayo, ndi nambala ya microchip, kachipangizo kakang'ono komuzindikirira galu kamene amakaika pansi pa khungu lake. Kuyambira mu Epulo 2016 galu aliyense kuno amayenera kukhala ndi microchip, ndipo wonyalanyaza atha kulipitsidwa mpaka £500. Chimene ambiri amaiwala ndi kusintha adiresi ndi nambala ya foni ku kaundula wake akasamuka. Galu atathawa, omupeza amaimba nambala imene ili m'kaundulamo. Lamba wa m'khosi akhalenso ndi kachitsulo kolembapo dzina lanu ndi adiresi, ndilo lamulo kuyambira 1992.

Za tsiku lobwerera, musapanikize. Palibe ndege yochoka ku Malawi kubwera kuno mwachindunji, mudzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ndege imodzi ikachedwa yotsatira imakusiyani. Lipirani tsiku limodzi kapena awiri oonjezera. Funsaninso masiku amene satsegula, chifukwa malo ambiri salola kutenga agalu pa Khrisimasi ndi pa 1 Januwale.

Tsopano chikwama. Cholemera kwambiri mmenemo chikhale chakudya chake cha masiku onse. A kennel ambiri ali ndi chawo, koma kusintha chakudya mwadzidzidzi, kuphatikiza ndi nkhawa ya malo achilendo, ndiko kumatsegulitsa galu m'mimba. Yezani cha tsiku lililonse, muike m'timapepala kapena mupereke kapu imene mumayezera, mulembe kuti amadya kangati ndiponso nthawi yanji, muonjezere cha masiku atatu. Ngati mwasankha kuti azidya cha kumeneko, tengani pang'ono pasadakhale muzimusakanizira ndi chakale kwa sabata imodzi.

Ndinenepo chimodzi poti tili tokhatokha Amalawi. M'makomo mwathu ambiri galu amalandirako mkute wa nsima ndi msuzi. Ngati wanu anazolowera choncho, akafika uko adzayang'ana chakudya chouma n'kutembenuka, antchito adzaganiza kuti akudwala. Yambani kumuletsa panopa, ndipo auzeni. Ndipotu msuzi wathu umakhala ndi anyezi, nthawi zina adyo, zimene zimaononga magazi a galu. Chokoleti, mphesa ndi mphesa zouma zija zimadzaza m'makeke a Khrisimasi ndi zoopsa kwambiri, ndiye ana asamuikire "mphatso" m'chikwama inu osaona.

Mankhwala, ngati amamwa, apite m'mabokosi ake enieni okhala ndi chizindikiro cha dokotala, osati omangidwa m'kapepala. Lembani mlingo, nthawi, ndi mmene mumamumwetsera, kaya mumabisa m'chakudya kaya mumaika kukhosi.

Chogonera musagule chatsopano. Tengani bulangeti lake lakale, ndipo musalichape dzulo lake la ulendo, chifukwa chimene akufuna ndi fungo la kwawo. Onjezani chitenje kapena malaya akale amene mwavala osachapa. Ikhale nsalu yoti ikang'ambika simudandaula, poti galu wankhawa amatafuna. Ngati wanu ali ndi khalidwe lomeza nsalu, zisiyeni zonsezi, agonere cha kumeneko. Zoseweretsa ziwiri zolimba zakwana, zazikulu zoti sangameze. Mafupa ophika ayi, amasweka n'kulasa m'matumbo. Chingwe choyendera chipite, ndi jekete ngati ndi galu wa ubweya wochepa. Mbale ambiri amakhala nazo zawo, funsani musananyamule. Chilichonse lembanipo dzina lake.

Kenaka mulembe za khalidwe lake, ndipo apa musamukometsere. Tonse timafuna galu wathu aoneke wabwino, koma wovulala ndi mtsikana wantchito amene adzalowetsa dzanja m'mbale osadziwa kuti galuyo amaluma akamadya. Ngati amadana ndi agalu anzake, lembani. Ngati amalumpha mpanda kapena amadziwa kutsegula chitseko, lembani. Kumbukirani mmene amachitira ndi makombola a pa 5 Novembala, chifukwa usiku wolowa chaka chatsopano adzaliranso inu kulibe. Ngati amanjenjemera mpaka kudzikodzera, kambiranani ndi dokotala za mankhwala omukhazika mtima pansi, ndipo a kennel adziwe. Ngati ndi wamkazi wosatseketsa, werengerani nyengo yake yofuna amphongo, imene imabwera pafupifupi kawiri pa chaka, chifukwa malo ena salandira galu pa nyengo imeneyo. Ngati kunyumba mumamulankhula Chichewa, alembereni mawu amene amamva pomuitana ndi pomuletsa.

Tsiku lokamusiya, muyendetseni kaye atope, mupite naye m'mawa kuti aone malowo kukuwala ndi kuzolowera anthu usiku usanagwe. Ndi bwino likhale dzulo lake la ulendo, osati tsiku la ndege pamene nyumba yonse ili piringupiringu. Potsanzika musachedwe. Mukayamba kulira ndi kumukumbatira, galu amaona kuti pali choopsa. Perekani chingwe kwa wantchito, mumusisite kamodzi, muzipita. Ngati ana sangapirire, atsanzikane naye kunyumba.

Za anawo, pali china chimene chimandidetsa nkhawa kuposa kennel. Ana okulira kuno anazolowera kusisita galu aliyense pamsewu, chifukwa agalu a ku Britain alibe chiwewe. Ku Malawi chiwewe chilipo ndipo chimapha, makamaka ana. Auzeni asananyamuke kuti galu wa kumudzi samugwira, ngakhale kamwana ka galu kooneka kofatsa. Wina akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa katemera, osadikira kuti muone ngati galuyo adwale.

Mukabwerera n'kukamutenga, musadabwe akamamwa madzi kwambiri ndi kugona masiku awiri, ku kennel kumakhala phokoso ndipo sagona mokwanira. Mupatseni madzi pang'onopang'ono, chakudya chidikire maola angapo kuti asasanze. Akayamba kukhosomola chifuwa chouma ngati chinthu chamukakamira pakhosi m'masabata awiri oyamba, musapite naye kopezana ndi agalu ena, imbirani dokotala kaye, ndipo a kennel muwadziwitse. Katemera uja amachepetsa matendawo koma satchinga mitundu yonse ya tizilombo toyambitsa chifuwacho.