Pakhoma pali magulu asanu ndi limodzi, koma kuponi ndi ya chimanga

Mayi wina wa ku Kasungu, amene amatsogolera keyagulupu ya m'mudzi mwawo, gulu loyendera mabanja kuphunzitsa za kadyedwe ndi kasamalidwe ka ana, wandilembera imelo. Funso lake ndi ili: "Taphunzitsa za magulu asanu ndi limodzi a zakudya kwa zaka zinayi, koma m'mbale mukadali nsima ndi masamba owiritsa. Kodi anthu athu ndi osamva, kapena pali pamene tikulakwitsa? Tichite chiyani dzinja lino?"

Mayi, mawu akuti osamvawo andikhudza kwambiri, ndiye ndiyambira pomwepo. Amayi amene mumawayenderawo anamva kalekale. Afunseni, akutchulirani zonse osaphonya: zokhutitsa, za mtundu wa nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Ena mpaka anaziika m'nyimbo ya kusikelo. Chimene chikusowa si maphunziro. Munthu amadya chimene walima kapena chimene thumba lake lakwanitsa, ndipo zinthu ziwirizi zimatsatira kumene ndalama za boma zalowera, osati chithunzi chimene chapachikidwa pakhoma la chipatala.

Taonani kumene ndalamazo zakhala zikulowera. Kuyambira 2005, pamene ndondomeko ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo inayamba pansi pa Bingu wa Mutharika, mlimi wosauka wakhala akulandira mwayi wa matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50, lina lokulitsa lina lobereketsa, ndi mbewu ya chimanga. Kwa zaka zingapo pankabweranso kaphukusi ka mbewu ya mtedza, nyemba, soya kapena nandolo. Kanali kakang'ono, koma kanalipo. Mu 2020, ndondomekoyi itasintha dzina kukhala AIP, thumba linatsika kufika pa K4,495 ndipo olandira anachuluka, koma mbewu zimene zinaikidwamo chaka chimenecho zinali chimanga, mpunga ndi mapira. Gawo lalikulu la ndalama za unduna wa zaulimi limathera pamenepa, ndiye alangizi, kafukufuku, mbewu za nyemba ndi katemera wa ziweto zimalimbirana zotsala. Nkhokwe za NFRA, bungwe la boma losunga chakudya, zimasunga chimanga. ADMARC ikatsegula misika, mzere wake ndi wa chimanga. Ngakhale mawu oti njala kwathu kuno amatanthauza kuti chimanga chachepa, ngakhale mbatata ndi chinangwa zili mbwee kumunda. Mayi amene walima chimanga chokhachokha pa ekala yake imodzi wachita zanzeru malinga ndi zimene dziko lamuikira patsogolo. Kumudzudzula n'kumulakwira.

Sindikunena kuti feteleza achotsedwe. Nthaka yathu yatopa ndipo banja lopanda chimanga silingamvere za zipatso. Koma kukhuta ndi kukula bwino ndi zinthu ziwiri. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2010 anapeza kuti ana 47 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa 2015 mpaka 2016 anapeza 37. Kutsika kulipo, koma mwana mmodzi pa atatu alionse akadali wamfupi kuposa msinkhu wake, ndipo ambiri mwa iwo amadya nsima tsiku lililonse.

Pali nkhani ya 1990 imene ndimafuna aliyense wopanga ndondomeko za chakudya ataidziwa. Nthawi imeneyo dziko lino linkasunga anthu ambiri othawa nkhondo ya ku Mozambique. Chakudya chimene ankalandira chinali ufa wa chimanga, nyemba, mafuta ndi mtedza. Mtedza utasiya kubwera kwa miyezi ingapo, anthu oposa 17,000 m'misasa ya kumwera anadwala pellagra, nthenda imene imathetsula khungu m'khosi ndi m'manja momwe mumawomba dzuwa, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Imabwera thupi likasowa vitamini wotchedwa niacin, amene m'chimanga alimo koma womangika mwakuti thupi silimupeza. Ufa unalipo, anthu ankakhuta. Chimene chinachoka ndi kamtedza ka m'manja kamodzi patsiku.

Tsopano, boma silinangokhala. Pali chinthu chimodzi chimene linachita bwino kwambiri, ndipo chimatiphunzitsa mmene ndondomeko imagwirira ntchito. Mchere wogulitsa uyenera kukhala ndi ayodini, ndipo shuga ndi mafuta ophikira a m'mafakitale amathiridwa vitamini A. Mu 2001 ana oposa theka anali operewera vitamini A. Pofika mu kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 anali osakwana 4 pa 100, chifukwa cha zakudya zowonjezera mavitaminizi pamodzi ndi timakapusozi ta kusikelo. Palibe amene anauzidwa kuti asinthe kadyedwe. Chinthu chimene ankagula kale ndicho chinasinthidwa. Koma kafukufuku yemweyo anapeza kuti anthu pafupifupi 6 pa 10 alionse ndi operewera zinki, mchere umene mwana amafunika kuti atalike ndi kulimbana ndi matenda otsegula m'mimba. Lamulo lothira mavitamini ndi michere yofunika m'thupi mu ufa wa chimanga lilipo, koma limagwira ufa wa m'mapaketi wa m'sitolo. Wa kumudzi amasenza dengu kupita ku chigayo cha pamsika, ndipo lamulo silifika kumeneko. Wopindula ndi wa m'tauni amene ali nazo kale.

Za shugazo ndiimepo pang'ono, chifukwa zimandidetsa nkhawa. Ndamvapo anthu akunena kuti mwana azithiriridwa shuga wambiri popeza muli vitamini. Ayi. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi afika mpaka kumidzi, ndipo zakumwa zozizira ndi tizakudya ta m'mapepala tamchere n'zosavuta kupeza pa golosale kuposa dzira. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapyole masupuni ang'onoang'ono pafupifupi 12 a shuga patsiku ndi magalamu 5 a mchere, omwe ndi kasupuni kamodzi kosadzaza. Dziko la South Africa linaika msonkho pa zakumwa zotsekemera mu April 2018, wowerengera shuga woposa magalamu 4 pa mamililita 100 alionse, ndipo makampani ambiri anachepetsa okha shuga kuti athawe msonkhowo. Ine ndimaona kuti nafenso tikufunika lamulo lotere, ndipo ndalama zake zipite ku phala la m'sukulu.

Ndiye pali msika. Mlimi akamvera n'kulima mbewu zina, ndani amamuteteza? Alimi a nandolo a kumwera anaziona mu 2017, pamene dziko la India, limene limagula nandolo wathu wambiri, linaika malire pa nandolo wolowa kwawo. Mtengo unagwa pansi, matumba anangounjikana m'nyumba. Mgwirizano wa matani 50,000 pachaka umene unasainidwa ndi India mu 2021 unathandizako, koma funso langa ndi lina: n'chifukwa chiyani nandolo wathu azidalira wogula wa kutsidya kwa nyanja pamene m'sukulu zogonera, m'zipatala, m'ndende ndi m'misasa ya asilikali mumaphikidwa tsiku ndi tsiku? Boma ndi wogula wamkulu wa chakudya m'dziko muno. Litalamula kuti gawo la ndiwo za malo amenewa lizigulidwa ku magulu a alimi a m'boma lomwelo, pa mtengo wodziwikiratu mbewu isanadzalidwe ndi kulipira pa nthawi yake, mlimi sangafunenso womunyengerera kuti adzale nyemba. M'maboma ena sukulu zikugula kale kwa alimi oyandikana nazo, ndipo njira imeneyi iyenera kukhala ya dziko lonse, osati ya pulojekiti imene imatha zaka zitatu.

Chosalungama kwambiri chili pa mtedza. Wogula wotumiza kunja amasankha mtedza wabwino, chifukwa mayiko a ku Ulaya salola chuku choposa muyeso wochepetsetsa. Wonyala, wosweka ndi wakudawo umatsala pakhomo, ndipo ndi umene umasinjidwa n'kuthiridwa m'phala la mwana. Poizoni wa chuku sapsa pamoto, amawononga chiwindi, ndipo akuganiziridwa kuti amathandizira kupinimbira. Tikauza mayi kuti thirani nsinjiro osamuuza za kusankha, tamupatsa theka la uthenga, ndipo theka losowalo ndi loopsa.

Zoti muchite dzinja lino

Musayambe ndi magulu onse asanu ndi limodzi. Yambani ndi munda. Banja lililonse lipatule gawo limodzi mwa magawo anayi a munda wake n'kudzalapo mtedza ndi nandolo pamodzi. Mizere italikirane masentimita 75. Mtedza wa CG7 kapena Nsinjiro udzalidwe njere imodzi pa phando, masentimita 15 kuchoka pa linzake, ndipo ngati ndi wa njere zazing'ono monga Kakoma, masentimita 10. Nandolo alowe pa mzere womwewo, njere zitatu pa phando, masentimita 90. Dzalani ndi mvula yoyamba yodalirika, chifukwa mtedza wochedwa komanso wotalikirana ndi umene nsabwe zimaufikitsira matenda a khate. Mbewu ziwirizi sizilimbana: nandolo amakula pang'onopang'ono poyamba, ndipo akamayamba kutambasuka mtedza umakhala wakumbidwa. Masangwi ndi masamba oyoyoka a nandolo akwiriridwe, asatenthedwe. Chaka chamawa chimanga chibwere pamenepo, ndipo chidzafuna feteleza wocheperako. Njira imeneyi alimi a ku Ekwendeni akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri.

Chimene chimapha nandolo kwanuko ku chigawo chapakati ndi mbuzi. Chimanga chikangokololedwa ziweto zimamasulidwa, nandolo akadali wauwisi m'munda. Musadzale musanakhale pansi ndi a mfumu kuti pakhale lamulo la mudzi loti ziweto zizimangidwa kapena kuwetedwa mpaka nandolo atathyoledwa, ndi chindapusa chodziwika. Popanda lamuloli amayi adzadzala chaka chimodzi basi.

Pokolola mtedza, musaumwaze padothi. Uumitseni uli ku mitengo yake, pa mulu woti mphepo izidutsa pansi, kapena pa thandala. Wauma ukamalira m'chikhokho pougwedeza. Chizolowezi chowaza madzi kuti makoko afewe posenda chisiyidwe, chifukwa ndi pamene chuku chimayambira. Sungani wosasenda, thumba likhale pa mitengo osati pansi, ndipo njere iliyonse yonyala, yobooka kapena yosintha mtundu itayidwe, isapite ngakhale kwa nkhuku. Chimanga nachonso chiyeseni musanachitsekere m'matumba osalowa mpweya a PICS: thirani njere zodzaza dzanja m'botolo louma, onjezani supuni ya mchere wouma, tsekani, gwedezani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga sichinaume.

Ufa wa phala upangeni motere: makapu anayi a chimanga chosankhidwa bwino, kapu imodzi ya soya. Soya akazingidwe pa moto wapakati kwa mphindi 15 mpaka 20 kufikira atafiirira pang'ono ndi kununkhira, asinjidwe mopepuka, makoko apetedwe, kenako zonse zipite kuchigayo limodzi. Soya wosakazinga amanunkha uwisi, amatupitsa mimba, ndipo thupi siligaya bwino zomanga thupi zake. Musagayitse wambiri, wa masabata awiri kapena atatu ndi wokwanira, chifukwa mafuta a soya amaufulumizitsa kuwawa. Pa nkhani ya mgaiwa, musawanyoze amene amakonda ufa woyera. Kukonola kumachotsa zakudya zambiri pamodzi ndi gaga, n'zoona, koma kumachotsanso chuku chambiri. Mgaiwa ndi wabwino ngati chimanga chake chasankhidwa njere ndi njere. Ngati ndi chogula kwa mavenda ndipo chikuoneka chofumbwa, bola kukonola.

Phala la mwana likhale lolimba loti silikuyenderera pa supuni mukaipendeketsa. Lamadzimadzi limadzaza mimba popanda kanthu. Wa miyezi 6 mpaka 8 adye kawiri kapena katatu patsiku, wa miyezi 9 mpaka 23 katatu kapena kanayi, uku akuyamwabe. M'mbale yake mulowe kasupuni ka mafuta ndi supuni ya usipa kapena matemba okazinga n'kusinja ndi mitu ndi minga yomwe, chifukwa zinki ndi ayironi zimene zikusowazo zimapezeka bwino mu tinsomba timeneti kuposa m'chimanga. Bonya wa ndalama zochepa akasinjidwa amakwana masiku angapo.

Masamba a dzinja amangowola m'munda pamene mu October anthu akusowa ndiwo. Nkhwani, khwanya, bonongwe ndi chisoso aviikidwe m'madzi owira kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, ayanikidwe pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee limene limawononga vitamini A, ndipo mfutsowo usungidwe motseka. Soda ndi chidulo zichepe, chifukwa zimapha mavitamini. Pezani mbewu ya mbatata yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Chipika kapena Zondeni kwa alangizi, ndipo gulu lisunge kamunda kake kudimba kuti mbewu isathe m'chilimwe. Nkhuku zilandire katemera wa chitopa wa I-2, kadontho kamodzi m'diso, miyezi inayi iliyonse, mudzi wonse tsiku limodzi, chifukwa mazira sangapezeke pamene khola limatha chaka ndi chaka.

Chotsala n'chakuti mulembe. Werengani mabanja angati m'gulu lanu akufuna mbewu ya mtedza, nandolo ndi soya koma alibe, ndi makilogalamu angati. Pepalalo lipite ku komiti ya chitukuko ya mudzi, likwere ku komiti ya chitukuko ya dera (ADC), kope lina kwa khansala ndi lina kwa mlangizi wa zaulimi, mvula isanagwe. Phungu akabwera kudzanena za matumba a feteleza, wina aimirire ndi pepalalo m'manja n'kufunsa kuti mbewu ya nyemba ili pati pa kuponiyo.