Kachidutswa ka sowo yakale kakukwanirani

Achimwene, ngati mukufuna kukongoletsa m'mphepete mwa thabwa ndi mzere wotukuka, musavutike kugula makina. Dulani kachidutswa ka sowo yakutha, mukasongole ndi tupa wozungulira mpaka pakhale kamphako ka mamilimita 5 kapena 6, kenaka mukapanikize pakati pa timatabwa tiwiri ndi masikuluwu. Thabwa limodzi likhale ndi phewa loti lizitsamira m'mphepete mwa chomwe mukukongoletsacho. Mukatero muzingopala, kukankha ndi kukoka, mzere wotukukawo uzituluka wokha.

Chachikulu ndi kusafulumira. Ine poyamba ndinatulutsa kwambiri chitsulo cha sowocho pakati pa timatabwato kuti ndithe msanga, chinangoluma thabwa n'kuzomola m'mphepete mwa shelefu yonse. Tulutsani pang'ono chabe, muchipendeketse, ndipo phewalo lisachoke pathabwa ngakhale kamodzi. Mukaona timapalo topyapyala m'malo mwa fumbi, dziwani kuti chitsulo chanoleka bwino. Thabwa lolimba limapalika mosalala kuposa la paini, lomwe limakonda kunyenyeka. Yambani mwayesera pa chidutswa chotsala.

Koma ngati ndi mpando wakale wamtengo wapatali, pitani nawo kwa kalipentala wodziwa kukonza zakale. Utoto wakale nawonso umatha kukhala ndi mtovu, musaupale musanafunse katswiri.