Yambani ndi mtengo umodzi, achemwali

Achemwali, ndaliona funso lanu lija mwaponya pagulu pano dzulo usiku. Mwati mwayamba kuphunzira kujambula ndi utoto Loweruka lililonse pa Kasungu boma, inu ndi anzanu anayi, ndipo aphunzitsi anu akuti mwezi wamawa muyamba kujambula zachilengedwe motsata nyengo za pachaka. Koma mavidiyo onse amene mwapeza pa YouTube ngodzaza ndi sinowo, maluwa amene simunawaonepo, ndi masamba ofiira akuyoyoka. Ndiye mukufunsa kuti muyambire pati, ndiponso mugule chiyani poti m'thumba simuli bwino. Ine ndimaphunzitsa kupulayimale cha kuno ku Mtunthama, ndipo burashi ndinayamba kuigwira zaka zoposa khumi zapitazo. Ndiloleni ndiyankhe motalikirapo, chifukwa nkhaniyi ili pamtima panga.

Mavidiyowo musawataye. Kagwiridwe ka burashi, kasakanizidwe ka utoto, kuchuluka kwa madzi, zonsezo n'zimodzi kaya munthu ali ku London kaya ali ku Chamama. Chimene musatengeko ndi nyengo zawozo. Ife tili ndi zathu, dzinja, masika, chisanu ndi chilimwe, ndipo sizigwirizana ndi zawo ngakhale pang'ono. Kwawoko masamba amafiira akamafa, atatsala pang'ono kuthothoka. Kwathu kuno masamba a mitengo ya mombo, tsamba ndi mtondo amafiira akamabadwa. Kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka mu Seputembala, mvula isanagwe ndi dontho lomwe, dziko lonse lili mbuu, tchire lapsa, mitengo imeneyi imaphuka masamba anthete ofiira psuu, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, ena opita kukhofi, ndipo kubiriwira kumabwera pakapita timasabata. Munthu amene akukopera vidiyo ya ku Ulaya angakhale pansi pa mtengo woterewu osauona n'komwe, maso ali pafoni. Inu mwafunsa pa nthawi yake, chifukwa kwatsala masabata ochepa kuti zimenezi ziyambe.

Langizo langa lalikulu ndi ili. Sankhani mtengo umodzi umene mumaudutsa tsiku ndi tsiku, wa pakhomo kapena wa panjira ya kuchigayo, muziujambula womwewo kamodzi pamwezi, mutakhala pamalo amodzimodzi, mpaka chaka chithe. Zithunzi 12 za mtengo umodzi. Mukadzaziyala pamphasa chaka chamawa, nyengo zonse zidzakhala zili pamenepo popanda wokuuzani kuti ichi ndi cha dzinja, ichi ndi cha chisanu, komanso mudzaona ndi maso anu mmene dzanja lanu lakhwimira. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, amatero akuluakulu, ndipo ife a ku Kasungu mwambi umenewu sitifunika kuutanthauzirana.

Ndikuuzeni mmene ndinaphunzirira zimenezi. Chithunzi changa choyamba cha mtengo ndinapita nacho kwa mayi anga, ali pakhonde akutongola chimanga. Anapukuta manja pachitenje, n'kuchigwira m'mbali mosamala, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anafunsa kuti, "Ndi mtengo wanji umenewu?" Ndinati ndi mtengo basi. Iwo anati, "Mtengo basi kulibe, mwanawe. Kuli msuku, kuli muwanga, kuli kachere. Uwu sindikuudziwa." Sanali kundinyoza, ankafunadi kuuzindikira. Ndinajambula chimtengo cha m'mutu, thunthu lowongoka ndi chimpira chobiriwira pamwamba. Mawa lake ndinakakhala pansi pa msuku wa kuseri kwa nkhokwe, wopanda utoto, ndi pensulo yokha. Ndi tsiku limenelo pamene ndinaona kuti masamba a msuku ngakuluakulu, okhuthala, a mitsempha yoonekera, ndipo amaunjikana kunsonga za nthambi, pakati n'kusiya mipata yoonekera thambo. Mipata imeneyo, modutsa mbalame, ndi imene imachititsa kuti mtengo papepala uzipuma. Ndinakhala pamenepo maola awiri ndisanalembe mzere wachilungamo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ngati pafupi nanu pali msangu, sankhani umenewo. Umachita zosemphana ndi anzake: dzinja, mitengo yonse ili biriwiri, iwo umayoyola masamba n'kutsala nthambi zokhazokha, chilimwe anzake ali mbulanda iwo ndiye umavala. N'chifukwa chake alangizi amati tiziusiya m'munda, chimanga sichisowa dzuwa pansi pake. Kwa wojambula ndi mphatso, chifukwa mumaphunzira mafupa a mtengo kumbuyo kwake kuli kobiriwira, kenako masamba ake kumbuyo kuli kouma. Mango nawo sakhumudwitsa: maluwa cha mu Julaye ndi Ogasiti, masamba anthete ofiirira olendewera ngati nsanza zonyowa, timango tating'ono, kenako zipatso zakupsa cha mu Disembala. Muwale umaphuka maluwa ofiira panthambi zopanda tsamba ndi limodzi lomwe, ndipo ngwabwino kwa woyamba kumene poti mulibe zambiri zosokoneza.

Chilimwe chimene tikulowamochi anthu ambiri amachiyesa chosakongola, koma kwa ine ndiye sukulu yeniyeni. Imani penapake poonekera phiri la Kasungu mu Okutobala. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimaliphimba mpaka limaoneka lotuwa, lofewa, ngati likusungunuka m'thambo. Lijambuleni chomwecho, ndi utoto wamadzimadzi, osaika mwala uliwonse ngakhale mukudziwa kuti miyala ilipo. Mukadzabwererenso pamalo omwewo itagwa chizimalupsa, mpweya utayera, lidzaoneka ngati lasendera pafupi. Apa ndi pomwe mumagwira lamulo lothandiza kwambiri pojambula malo: chakutali chimatuwa n'kupita kubuluu, chapafupi ndiye chimakhala ndi mtundu wamphamvu ndi m'mphepete mwakuthwa. Palupsa napo pali ntchito. Si pakuda bii ayi. Gwadani muone: pali phulusa loyera, zitsa za tsekera zakhofi, dothi lofiira likusuzumira, ndipo pakapita masiku timsipu tobiriwira kwambiri timabaya pakati pa makalawo.

Dzinja lili ndi msampha wake, ndipo pafupifupi aliyense amakodwamo. Chilichonse n'chobiriwira, ndiye munthu amatsegula utoto wa girini wa m'bokosi n'kupaka ponseponse, chithunzi n'kutuluka ngati khoma la golosale. Chichewa chathu chimangoti kubiriwira, koma maso a mlimi amadziwa zambiri kuposa mawuwo. Chimanga chothira feteleza chimabiriwira mopita kukuda, chanjala chimapita kuchikasu. Fodya wa panazale sabiriwira ngati wofuna kuthyola. Mtedza, nsenjere za kudambo, masamba a nthochi dzuwa likawapyoza, chilichonse ndi kubiriwira kwakekwake. Girini wa m'bokosiyo mubiseni kaye. Sakanizani nokha chikasu ndi buluu, ndipo akamawala kwambiri mudonthezeremo kofiira pang'ono kwambiri, azizire. Masewero amene ndimapatsa ana anga m'kalasi ndi awa, ndipo inenso ndimachitabe: thyolani masamba asanu osiyana, muwaike papepala, musakanize utoto mpaka kadontho kanu pambali pa tsamba lililonse kafanane nalo. Pansi pake lembani zimene mwasakaniza ndi tsiku lake. Masiku a mvula yosakata, jambulani zimene zabwera m'lichero: bowa wa utale, manyame ofiirira aja, ndelema, chimanga chachiwisi ndi ndevu zake. Muziike pafupi ndi zenera kuti kuwala kuchokere mbali imodzi.

Masika ndi chisanu sindinenapo zambiri, mudzazipeza nokha. Deliya wachikasu m'mbali mwa msewu cha mu Epulo ndi Meyi, mikukwe m'minda, fodya akuuma m'zigafa kuchoka kubiriwira kupita kuchikasu mpaka khofi, nkhungu ya m'mamawa padambo mu Juni. Chigafa chokha chingakuphunzitseni mitundu ya khofi yoposa khumi.

Tsopano zogula. Musathamangire bokosi la mitundu 24. Yambani ndi utoto wa madzi kapena poster colour, mitundu itatu yokha, wofiira, wachikasu ndi wabuluu. Ndalama ikalola onjezerani yellow ochre ndi burnt sienna, chifukwa imeneyi ndi mitundu ya dothi ndi udzu wathu wouma, ndipo burnt sienna mukamusakaniza ndi buluu uja amati ultramarine mumapeza kutuwa kokongola kwa mitambo ya mvula ndi makungwa. Wakuda sindigula n'komwe. Mthunzi wa pansi pa mtengo si wakuda, uyang'aneni bwino, uli ndi buluu ndi kufiirira mkati mwake. Maburashi awiri akwana, yozungulira yapakatikati ndi yaphwatalala, kuphatikiza pensulo ya HB ndi 2B. Pamene muyenera kuikapo ndalama ndi papepala. Ine ndinataya miyezi ndikulimbana ndi mapepala a m'kope, akangonyowa amafutukuka n'kunyenyeka, ndinkayesa kuti dzanja langa ndiye lolakwa. Pepala lokhuthala la 300gsm limamwa madzi osapindika. Poti muli asanu, sonkhani, wina akamapita ku Lilongwe akagule mapepala akuluakulu, mudzadule n'kugawana. Zithunzi zing'onozing'ono, zokula ngati chikhatho, zimaphunzitsa msanga kuposa chimodzi chachikulu chotenga mwezi. Pepalalo limateni pakathabwa ndi tepi ya pepala mbali zonse zinayi. Ndipo ndi utoto wa madzi kumbukirani kuyamba ndi mitundu yopepuka, yakuda pomaliza, malo oyera kumangowasiya osapaka.

Utoto wina uli pansi pa mapazi anu. Tengani katondo, musungunule m'madzi, mchenga ukhale pansi, mutsanulire madzi ofiirawo m'chitini china, adikhe, muumitse matope osalalawo, mupere ndi supuni. Kuti agwire papepala sakanizani ndi utomoni wa mthethe wosungunula m'madzi ofunda. Si zachilendo ayi, utoto wa madzi wa m'sitolo amaumanganso ndi utomoni wa mitengo ya m'banja lomwelo, wambiri wochokera ku Sudan. Dothi lachikasu mukaliwotcha limafiira, monga zimachitira njerwa mu uvuni. Makala ndi mwaye zimapereka wakuda. Amayi athu ozira nyumba ndi mtsiro amadziwa kale pokumba dothi loyera, lofiira ndi lakuda, afunseni. Madzi a masamba ndi maluwa okha musawadalire, amafwifwa msanga padzuwa. Dothi silifwifwa. Ku Chongoni, ku Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala amene UNESCO inawaika m'kaundula wake mu 2006, zofiira za Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa zojambula ndi dothi loyera, ndipo zilipobe mpaka lero. Mukadzapeza mpata wa ulendo, pitaniko, mudzatsikirenso ku Mua mukaone ntchito za ku KuNgoni, malo a zaluso ndi chikhalidwe amene wansembe Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mukakabwerako simudzakayikanso ngati zakwathu zili zoyenera kujambulidwa.

Nyengo imalowereranso pantchito yeniyeniyo. Mu Okutobala utoto umauma burashi isanafike kumapeto kwa pepala, ndiye khalani pamthunzi ndipo sakanizirani utoto wokwanira musanayambe. Mu Januwale pepala limachedwa kuuma, dikirani, mukapaka pamwamba ponyowa zonse zimasanduka matope. Zithunzi zouma muzisunge m'jumbo pamwamba, kutali ndi chinyezi, chiswe ndi mphemvu. Nthawi yabwino ndi m'mamawa isanakwane 8 koloko kapena madzulo kuyambira 4 koloko, zithunzithunzi zikatalika. Masana dzuwa lili paliwombo zinthu zimaoneka zaphwatalala.

Za kalasi yanuyo, apempheni aphunzitsi mwaulemu kuti Loweruka lina muzituluka panja, ngakhale kuseri kwa chipinda chomwecho. Apempheninso kuti akafuna kukuwongolerani azisonyeza papepala lina, osati pachithunzi chanu, kuti cholakwacho muchikonze ndi dzanja lanu. Wina pagulu pano wanena zoti mupite kunkhalango ya Kasungu. Ndi ganizo labwino, mitengo ya mombo ikamaphuka kumeneko n'kosaiwalika, ndipo damu la Lifupa lili ndi madzi, mvuu ndi mbalame pamalo amodzi. Koma mulowere pageti ndipo mumvere oyang'anira nkhalango, musakakhale pansi ndi burashi paliponse pamene pakusangalatsani. Mu 2022 anabweretsamo njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo munthu wojambula maso amakhala papepala.

Sabata ino musagule kanthu kaye. Pezani mtengo wanu, muudziwe dzina lake, ngati simukulidziwa funsani agogo apafupi, muujambule ndi pensulo katatu. Masamba ofiira akangoyamba kuoneka mutiponyere chithunzi choyamba pagulu pano, ngakhale chitapindika motani. Ine chaka chino ndasankha mtondo wa m'mbali mwa bwalo la mpira kusukulu kwathu, nanenso ndidzaponya changa.